Kanyimbi, Uwauze Apongozi Anga

Kalekale, misewu isanadziwe phula, kumtunda kwa phiri la Msekera kudali mudzi wotchedwa Kanjedza. Udali mudzi wa mphepo, wa miyala, wa mbuzi zokwera pamadenga. M'mudzimo munkakhala mayi wina, Anakwenda.

Anakwenda adali mzamba. Theka la mudziwo lidatulukira m'manja mwawo. Adali aafupi, oyenda ngati pansi pakuwotcha, a mawu akuthwa ngati singano. Zimene ankanyadira zidali zitatu. Ankanyadira manja awo. Ankanyadira mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwatitha. Ankanyadiranso mwambo, pakuti chibadwire chawo palibe adawaonapo ataponda pambali pa mwambo, ngakhale ndi kachala ka kuphazi.

Tsono kumeneko mwambo wa apongozi udali wolimba ngati mfundo ya luzi lonyowa. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankayang'anana. Sankayankhulana. Sankakhudzana. Akakumana panjira, wina ankalowa patchire kumanja, wina kumanzere. Kaya muli minga, kaya muli chitedze, zonsezo zidali bwino kuposa manyazi. Pakakhala mawu, ankadzera pakamwa pa munthu wachitatu.

Mwatitha adakwatiwa ndi Kamtedza, mnyamata wa kuchigwa, wamtali ngati mgwalangwa, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Kamtedza adapempha chitengwa, nakakhala ndi mkazi wake kwawo, kutsidya kwa mtsinje wa Nanzeze. Adali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Ina idali Mawanga, ya mathothomathotho ofiira. Ina idali Kanyimbi, yakuda bii, ya mzere woyera pamsana. Anakwenda ankamukonda mkamwini wawoyu, koma ankamudziwira kumsana. Mukadawafunsa kuti mphuno yake njotani, sakadakuyankhani.

Tsiku lina m'mawa, nyengo ya mvula zoyamba, mudzi wonse uli kuminda yakutali kukadzala, kudamveka ngolo ikubwera mothamanga. Adali Kamtedza, thukuta lili kamukamu. Pamudzi adapeza munthu mmodzi yekha wonena naye, Anachisale, nkhalamba yolumala mwendo imene inkaswa mtedza wa mbewu pakhonde.

“Odi, agogo! Auzeni apongozi anga kuti Mwatitha matenda amuyamba. Azimayi akwathu akuti mwana sadagone bwino m'mimbamo. Iye sakufuna munthu wina, akungoitana mayi ake.”

Anakwenda adali pomwepo, kuseri kwa nkhokwe. Adamva zonse, koma adadikira.

Anachisale adatembenuka pang'onopang'ono. “Anakwenda! Akuti mwana wanu uja…”

“Ndamva, Anachisale! Auzeni atembenuze ngolo.”

“Akuti mutembenuze ngolo.”

“Ndamva, agogo.”

“Aliyense wamva, wamva,” idang'ung'udza nkhalambayo. “Nanga ine mukunditopetseranji? Komatu ndifunse. Mupita awiriwiri? Akakunenereni ndani panjira?”

“Njira ilibe nkhani,” adatero Anakwenda, akumanga phukusi la nsalu zoyera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. “Iwo ayang'ane kutsogolo, ine ndiyang'ane kumbuyo. Tikafika.”

Adakwera. Kamtedza kutsogolo, maso pa nyanga za ng'ombe. Anakwenda kumbuyo, miyendo ili lende, maso kumene achokera. Misana iwiri idayang'anana, pakamwa pawiri padatsekeka.

Adayenda, adayenda, adayenda. Mitambo idayamba kusonkhana pamwamba pa Msekera ngati anthu odzera mlandu. Kenaka idalira ng'oma ija imene woimba sitimuona, ovina ake n'kugwa kuchokera kumwamba. Mvula idagwa ya madontho onenepa, otha kugwetsa chiwala.

Atafika pa Nanzeze, Kamtedza adati, “Hoo!” Ng'ombe zidaima. Anakwenda adasuzumira ndi kona ya diso. Mlatho wa mitengo umene ngolo idawolokera m'mawa padalibe. Mtsinje udali psuu, ukubangula, utanyamula makoko a nthochi, mtondo wa munthu, ndi denga la khola la nkhunda. Kutsidya, kutali, utsi wa mudzi wa Kamtedza unkaoneka. Kumeneko n'kumene kudali Mwatitha.

Kamtedza adayang'ana madziwo. Kenaka adakhotetsa ng'ombe n'kulowa kanjira kakale kolowera kumtunda kwa mtsinje. Adamvapo kwa akuluakulu kuti kumtundako kuli malo amene Nanzeze amatambalala pamathanthwe, madzi n'kukhala osaya. Kumva adamva, koma kufikako sadafikeko.

Anakwenda adavomereza mumtima. “Mwana wa eniyu nzeru ali nazo.” Iwo njirayo ankaidziwa ngati mkati mwa mtondo wawo. Ali mtsikana ankadzera momwemo atasenza mbiya kukagulitsa kuchigwa. Ankadziwanso lamulo lake: mawu a mtsinje asakuchoke m'khutu. Ukasiya kuumva, wasochera.

Koma wokhala chofulatira amaona njira itadutsa kale. Anakwenda adangoona mkuyu waukulu ukutsalira m'mbuyo, ndipo pambali pake kanjira kakang'ono kotsata mtsinje kakutsaliranso. Kamtedza adali atatenga njira yotakata, yopondedwa bwino. Sadadziwe kuti idatakata chifukwa cha ng'ombe za kubusa zokwera kuphiri.

Mawu adafika pamilomo ya Anakwenda, n'kubwerera. Atani tsono? Adatsokomola.

“Kho! Kho! Khooo!”

Kamtedza adamva. Mtima wake udamupweteka. “Kalanga ine, apongozi anga ndawapha ndi mphepo.” Osacheuka, adavula chikhoto chake, n'kuchikankhira kumbuyo ndi mpini wa chikwapu.

Anakwenda adachiyang'ana chikhotocho. Adachivala. Kunja kudafunda, m'kati mudawira.

Adakwera, adakwera, adakwera. Mphepo idayamba kuthyola nthambi n'kuzimwaza panjira. Mawu a mtsinje adachepa, adasanduka kunong'ona. Atafika pa chulu chachikulu, Anakwenda adadziwa kuti pamenepo pali kanjira kena kotsikira kumanzere, kobwerera kumadzi. Adagogoda thabwa la ngolo ndi chibakera.

Go! Go! Go!

“Hoo!” adatero Kamtedza. Makutu ake adatentha ndi manyazi. “Ha, mayi akufuna kukadzithandiza, ine wopusa osaganiza.” Adatsika, adayenda, adakaima kutali kuseri kwa mtengo wa msuku, atafulatira, atatseka ndi makutu omwe kuti ulemu ukwanire.

Anakwenda adalumpha pansi. Adagwira chingwe cha Mawanga n'kukokera kumanzere. Mawanga adangowayang'ana, akubzikula. Adakoka cha Kanyimbi. Kanyimbi adapukusa mutu, madzi a m'makutu mwake n'kuwawaza kumaso. Ng'ombe za eni sizimvera dzanja lachilendo.

Pamenepo adakumbuka zimene amachita apaulendo a kumapiri pofuna kuuza otsalira m'mbuyo kuti uku ayi. Adathyola nthambi ya masamba aawisi, naigoneka chopingasa pa njira yotakata ija. Adakweranso, adakhala mwaulemu, adadikira.

Kamtedza adadikiranso. Mvula inkamutsikira m'khosi, iye ali chiimire. Atayesa kuti nthawi yakwana, adabwerera maso ali pansi. Adaona nthambi panjira. Panjirapo nthambi zidali mbwee, zogwa ndi mphepo. “Iyi ingadzidzimutse apongozi anga gudumu likaiponda,” adatero mumtima. Adaichotsa bwinobwino, adaiponya patchire, adati, “Tiye!”

Anakwenda adaluma chikhoto cha mkamwini wawo kuti asakuwe.

Adakwerabe. Mtsinje udakhala chete. Kutsogolo kudatsala mphanda imodzi yokha, pa mwala wosweka pakati, ndipo Anakwenda adadziwa kuti akaiphonya imeneyo kulibenso ina. Adaganiza kuti kuimba si kuyankhula. Munthu amaimbira mtondo, amaimbira mwana, amaimbira mphepo. Adakweza mawu:

Madzi ali kumanzere, ee,
kumanzere!
Njira yotakata nja ng'ombe, ee,
kumanzere!
Mwana wanga andidikira, ee,
kumanzere!

Koma nyimbo itangoyamba, kumwamba kudakhutula matalala. Adagwa pa matabwa a ngolo ngati chimanga chokazinga m'phale, phulika, phulika, phulika. Mawu a nyimbo adasweka asanafike kutsogolo. Kamtedza adangomva kayimbidwe kokha. “Mayi akupembedza mizimu ya kwawo,” adatero. Adavula chipewa, matalala akumugogoda pamutu, nadutsa mwala wosweka uja mwaulemu wonse, kulowera kumanja.

Matalala atasiya, chidabwera chija chopanda miyendo koma chokwera phiri, chopanda pakamwa koma chomeza mitengo. Mwachidziwa. Nkhungu. Idameza chulu, idameza thengo, idameza ndi nyanga za ng'ombe zomwe. Dziko lidangoti mbuu. Kum'mawa kudasowa, kumadzulo kudasowa, njira idasanduka udzu.

Anakwenda adafungatira phukusi lawo. M'maso mwawo munkabwera Mwatitha ali pamphasa, milomo itauma, akuyang'ana kukhomo. Mwana wogona chopingasa sadikira munthu. Iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense m'dzikomo.

Mwadzidzidzi ng'ombe zidaima zokha.

“Tiye!” adatero Kamtedza. Sizidasunthe.

“Tiye, Mawanga! Tiye, Kanyimbi!” Zidangofwenkha, miyendo itazikika pansi.

Kamtedza sadali munthu womenya ng'ombe. Chikwapu chake chinkangoliza m'mwamba. Koma tsikulo Anakwenda adamva chikwapu chikutera pachikopa, thwa!

Nthawi yomweyo adamvanso china. Mphepo yozizira inkawakhudza kumapazi, ikudzera pansi pa ngolo, kuchokera kutsogolo. Mphepo wamba imachokera m'mbali. Mphepo yokwera kuchokera pansi idali ndi malo amodzi okha paphiri lonselo: pakamwa pa phompho la Msekera, pamene mwala ukagwa umaiwala kufika.

Lilime lawo lidalemera ngati mphero. Zaka zonse zija za ulemu zidawakhala pakhosi. Thwa! chikwapu chidateranso. Mawanga adaponya phazi limodzi kutsogolo. Timiyala tidagubuduka, osamveka potera.

“Kanyimbi! Ima pomwepo! Usamvere chikwapu, ima!”

Mawuwo adang'amba nkhungu ngati nsalu yakale. Dzanja la Kamtedza lidauma m'mwamba. Aka kadali koyamba kumva mawu a apongozi ake popanda munthu pakati.

Anakwenda adagwira pakamwa. Kenaka adaganiza bwino. Kodi adayankhula ndi ndani? Adayankhula ndi ng'ombe. Nanga pali mwambo woletsa mayi kuyankhula ndi ng'ombe? Adachotsa dzanja pakamwa, adawongola msana.

“Kanyimbi, uwauze ambuye ako atole mwala, aponye kutsogoloko, amvetsere.”

Kamtedza adatsika. Adatola mwala, adaponya. Adamvetsera. Adamvetserabe. Patapita nthawi, kutali pansi, kudamveka kakuti tho.

Adakhala pansi m'matope, nagwira mwendo wa Mawanga. Atapezanso mpweya, adati ndi mawu aang'ono:

“Mawanga, uwauze mayi kuti mkamwini wawo ndi chitsiru.”

“Kanyimbi, uwauze kuti zitsiru m'ngolo muno zilimo ziwiri. China chimatsokomola pamene chikadanena.”

“Mawanga, uwafunse mayi, chifuwa chija sichidali chifuwa?”

“Kanyimbi, uwauze kuti ine chifuwa sichindidziwa. Ndipo kuseri kwa chulu kuja sindidapiteko. Munthu kuima pamvula ngati chitsa, atatseka makutu, kudikira zimene kulibe!”

“Mawanga, nanga nthambi ija?”

“Kanyimbi, usandikumbutse za nthambi, ndingakulume.”

Kamtedza adaseka. Adaseka misozi ikutuluka, ndipo pena sikudalinso kuseka. Anakwenda adamusiya pang'ono, kenaka adati:

“Kanyimbi, uwauze adzuke. Kulira tikalira tikafika. Abweze ngolo chambuyo, pang'onopang'ono, mpaka mphepo ya kumapazi isiye.”

Adabweza. Kamtedza adagwira goli ndi manja awiri, akunyengerera ng'ombe zake ndi mawu ofewa, phazi ndi phazi, mpaka mphepo ya kumapazi idasiya, natembenuza ngolo. Anakwenda adavula chikhoto nachiika m'ngolo. Adakwinya chitenje, adasenza phukusi pamutu, adapita kukaima kutsogolo kwa ng'ombe.

“Kanyimbi, uwauze asayang'ane njira, njira kulibe. Ayang'ane zidendene zanga.”

“Mawanga, uwauze mayi kuti zidendene zawo ndizo ndazizolowera.”

Adatsika. Anakwenda ankaiwerenga njirayo ndi mapazi. Pamene pali timiyala tosalala, ankadziwa kuti ndi pamene pamadzera madzi. Pamene padamveka fungo la mpungabwi, adadziwa kuti mwala wosweka uja wayandikira. Adaupeza ndi dzanja, adausisita ngati mnzawo wakale, adakhotera kumene nyimbo ija inkanena. Kanjirako kadali kopapatiza, kotsetsereka, koterera. Kamtedza ankakoka ngolo chambuyo kuti isagunde ng'ombe, matope akumufika m'maondo. Minga idawang'amba onse awiri. Palibe adadandaula.

Ali pakati potsika, Kamtedza adati chapansipansi:

“Mawanga, uwauze mayi kuti ndikuopa. Pochoka ndidamusiya akundigwira malaya. Adati, ukabwere nawo, usakabwere wekha.”

Anakwenda sadacheuke. Adati:

“Kanyimbi, uwauze kuti mwana ameneyo ndidamubereka ndekha kumunda, khasu lili pambali. Adatuluka akukuwa ngati wabedwa. Ameneyo ndi wamakani ngati mayi ake. Adikira.”

Posakhalitsa kudamveka kunong'ona. Kunong'onako kudasanduka kuyankhula, kuyankhulako kudasanduka kubangula. Nanzeze adabwereranso m'khutu. Nkhungu idayamba kung'ambika, ndipo patsogolo pawo padaoneka mathanthwe, madzi atatambalala pamwamba pake ngati mphasa yofiira.

Anakwenda adaima m'mphepete, adayang'ana. Madzi adali ambiri kuposa mmene ankawadziwira ali mtsikana.

“Kanyimbi, uwauze kuti pali msana wa thanthwe wobisika, wochokera pa mtengo wa katope uwu kukafika pa bango ilo. Gudumu likachoka pamsanapo, tapita tonse.”

“Mawanga, uwapemphe mayi akwere m'ngolo.”

“Kanyimbi, uwafunse, ndikakwera, msanawo aupeza ndi mapazi a yani?”

Adalowa. Madzi adawafika m'akakolo, adawafika m'maondo, adawafika m'chiuno. Adali ozizira ngati mpeni. Anakwenda ankafufuza thanthwe ndi zala za kuphazi, dzanja limodzi paphukusi, lina likuloza. Kumbuyo kwawo Kamtedza adagwira chingwe, ng'ombe zikupuma mwamphamvu, ngolo ikugwedezeka ngati chikho.

Ali pakatikati, chidatulukira chipika cha mtengo chikubwera ndi madzi. Chidawagunda Anakwenda m'miyendo. Phazi lidaterera. Mtsinje udawanyamula ngati tsamba.

Kamtedza sadafunse Mawanga. Sadafunse Kanyimbi. Sadafunse mwambo. Adataya chingwe, adalumpha, adawagwira pamkono ndi dzanja lake lalitali lija. Madzi adakoka, iye adakoka. Madzi adakoka, iye adakoka. Madzi adakoka kachitatu, iye adazika mapazi m'mng'alu wa thanthwe, nawanyamula m'mwamba ngati mtolo wa udzu, mpaka adakawatula pa bango la kutsidya. Ng'ombe, poona mbuye wawo ali patsogolo, zidamutsata zokha, ngolo idatuluka ikuchucha.

Anakwenda adakhala pansi, akulavula madzi. Dzanja lawo lidali likadali pamutu. Phukusi silidanyowe.

Kamtedza adaima chapatali, atafulatira. Adadziwa chimene wachita. Wagwira apongozi.

Anakwenda adapuma, adapuma, adakonza mpango. Kenaka adati:

“Kanyimbi, ndathokoza. Ndakalamba ine osadziwa kuti ng'ombe ili ndi manja.”

Kamtedza adapukuta kumaso. “Mawanga, uwauze mayi kuti Kanyimbi akuti sadzachitanso.”

“Mawanga, umuuze Kanyimbiyo kuti ndikadzagwanso adzachite. Tiyeni!”

Kuchigwa njira idali yosalala. Ng'ombe zidathamanga ngati nazonso zamva nkhani. Dzuwa litapendeka, likusuzumira pansi pa mitambo, ngolo idalowa m'mudzi.

Pakhomo pa Kamtedza padali azimayi atakhala m'khonde, manja ali m'masaya. Anasoko, mayi ake a Kamtedza, adathamangira ngolo.

“Asewere anga, mwafika! Mwadzera pati, mlatho ulibe? Lowani, mwana watopa. Wasiya ndi kubuula komwe.”

Anakwenda adasamba m'manja mpaka m'zigongono. Adalowa ndi matope awo, ndi minga yawo, ndi phukusi lawo louma.

Mwatitha adatsegula maso pang'ono. “Amayi, mwachedwa.”

“Ndachedwa, koma ndafika. Tsono iwe usandichititse manyazi kwa eni mudzi. Gwira dzanja la apongozi akowa, ulume nsalu iyi.”

Adathira mafuta a nsatsi m'manja, adawatenthetsa popukusa, adaika pamimba. Adamupeza mwanayo ndi zala monga adapezera njira ndi mapazi. Mutu uli uku, msana uli uku. Adamunyengerera, adamukankha, adamunong'oneza. “Iwenso wasochera, eti? Lero ndi tsiku la osochera. Khota, mwanawe, khomo lili uku.” Thukuta lidawatsika. Mikono idawawawa. Mwatitha adakomoka, adamudzutsa. Adakomokanso, adamudzutsanso. Kenaka pansi pa manja awo chinthu chidatembenuka ngati nsomba m'madzi.

“Tsopano, mwana wanga! Tsopano!”

Panja, Kamtedza adakhala pa goli lomasula, mutu uli pakati pa maondo. Anansi adali atatenga ng'ombe kukazitsekera kukhola. Sadamve njala, sadamve kuzizira. Adangomva, kuchokera m'nyumba, kakulira kakang'ono, kaukali, kosafuna kutonthozedwa. Nthungululu zidasweka m'khonde, zidalumphira nyumba yoyandikana, zidafalikira mudzi wonse.

Chitseko chidatseguka. Anakwenda adatuluka, akupukuta manja. Azimayi adadzuka kuti alandire mawu akamuuze mwini mwana, monga mwa mwambo. Koma Anakwenda adawadutsa. Adayenda pakati pa bwalo, aafupi, amatope, mutu uli m'mwamba, mpaka adakaima patsogolo pa mkamwini wawo. Adamuyang'ana kumaso.

“Bambo,” adatero. “Mwatitha wachira. Mwana ndi wamkazi. Onse ali moyo.”

Kamtedza adayang'ana kumanja, adayang'ana kumanzere, adasowa poika maso. Adagwada, adaomba m'manja.

“Zikomo, mayi.”

Mayi wina adanong'ona mokweza, monga amanong'onera azimayi ofuna kumveka: “Aa! Anakwenda a ku Kanjedza aja, kuyankhula ndi mkamwini pamaso pa anthu?”

Anakwenda adatembenuka. “Ee, ndayankhula. Wofuna kukanena kwathu akanene. Koma akanene zonse. Akanene kuti munthu uyu adandivuula m'kamwa mwa Nanzeze ndi dzanja limodzi. Nkhani ngati iyi sindingamutumizire pakamwa pa wina.”

Anasoko adaseka, misozi ili m'masaya. “Mwamva inu? Gwirani tambala woyera uyo, mwana wanga apereke kwa apongozi ake, pakamwa patseguke monga mwa makolo. Lero mwambo wachedwa panjira, utipeza tafika kale.”

Tambala adagwidwa, adaperekedwa, adalandiridwa ndi manja awiri. Kuyambira tsikulo Anakwenda ndi Kamtedza ankakhala pamphasa imodzi, kukangana za mbewu ndi za mvula, ndipo ulemu pakati pawo sudachepe. Udakula.

Tsono anzanga, phunziro ndi ili. Ulemu ndi goli. Goli limamanga awiri kuti akokere pamodzi, osati kuti agwere limodzi m'phompho. Sunga mwambo, unyadire nawo, koma ukaona mnzako akulowera kolakwika, usatsokomole. Nena.

Ngolo ya nthano yanga yaima pamenepa, ng'ombe ndamasula. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule, ingapserere.